NDANI AMALIPIRA NYALE ZA PA NYANJA?

Usiku wamdima, woyendetsa chombo pa nyanja yamchere amadalira nsanja zazitali zokhala ndi nyale pamwamba pake. Nsanja zimenezi zimamangidwa m'magombe ndi pa matanthwe oopsa, kuti zombo zizilambalala malo amene zingaswekepo. Koma kodi inu aŵerengi munaganizapo kumene kumachokera ndalama zosamalira nyalezo? Kuŵala sikugulitsika ngati mchere pa msika, pakuti aliyense wodutsa amakuona, wolipira ndi wosalipira yemwe.

Anthu a ku England anapeza nzeru yake: chombo chizipereka msonkho chikakocheza pa doko, molingana ndi kukula kwake. Motero mwini chombo sangauzembe, popeza palibe chombo chokhalira pa madzi osafika kumtunda.

M'chaka cha 1514 Mfumu Henry VIII inavomereza bungwe la Trinity House, limene pambuyo pake linapatsidwa udindo woyang'anira zizindikiro za pa nyanja. Komabe nsanja zambiri zinamangidwa ndi anthu wamba amene analoledwa kutolera msonkhowo. Ntchitoyo inali yoika moyo pachiswe. Henry Winstanley anamanga nsanja pa matanthwe a Eddystone, kumwera kwa Plymouth, niyatsidwa mu 1698. Koma namondwe wa mu 1703 anaikokolola, mwini wakeyo ali momwemo.

Malonda atakula, zombo zinachuluka, ndipo eni nsanja ena analemera koposa, pamene amalonda anali kudandaula ndi kukwera kwa msonkho. Tsono mu 1836 Nyumba ya Malamulo inapatsa Trinity House mphamvu yogula nsanja zonse za anthu wamba. Yotsiriza, ya pa Skerries pafupi ndi chilumba cha Anglesey, inagulidwa mu 1841 pa mtengo woposa mapaundi 440,000.

Chiyambire 1898 msonkhowu umasonkhanitsidwa m'thumba limodzi lotchedwa General Lighthouse Fund. Nsanja zonse za Trinity House tsopano zimayendetsedwa ndi makina, pakuti alonda otsiriza anachoka pa North Foreland mu 1998, koma zombo zikali kulipirabe.

Nkhani imeneyi itikumbutse kuti chinthu chothandiza anthu onse sichidzisamala chokha. Pafunika kupangana bwino za wopereka, wotolera ndi wosunga chumacho, kuti nyale isazime usiku umene miyoyo ya amalinyero ikuidalira.