Chifukwa chake ochemerera Petro de Luanda sagwirizana pa za aphunzitsi ndi osewera

LUANDA – Pakati pa chaka cha 2021 ndi 2025, timu ya basiketibolo ya Petro de Luanda ya m'dziko la Angola inafika m'ndime ya matimu anayi otsiriza chaka chilichonse mu mpikisano wa Basketball Africa League (BAL). Inasewera ndime yotsiriza katatu, koma chikho inachitenga kamodzi kokha. Kwa ochemerera ena, imeneyi ndi mbiri yonyaditsa. Kwa ena, ndi umboni wakuti timuyi inataya zikho zomwe zinali kale m'manja. Kusiyana maganizo kotereku kuli ndi magwero ake m'mbiri ya dzikolo, m'malamulo a masewerowa ndiponso m'kayendetsedwe ka mpikisanowo.

Choyamba, anthu a ku Angola anazolowera kupambana. Timu ya dzikolo inatenga chikho cha AfroBasket maulendo 11 pakati pa 1989 ndi 2013. Kalabu ya Petro, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo ndi yogwirizana ndi kampani ya boma ya mafuta ya Sonangol, inakhalapo akatswiri a makalabu a mu Africa mu 2006 ndi mu 2015. Wochemerera amene anakulira m'mbiri yotereyi saona malo achiwiri ngati chinthu chokondwerera.

Chachiwiri, mu basiketibolo dzanja la mphunzitsi limaonekera poyera kuposa mu mpira wamiyendo. Timu imalowetsa osewera asanu m'bwalo, masewero amatenga mphindi 40 zogawidwa m'zigawo zinayi, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wosintha osewera kangati konse komwe wafuna. Choncho iye ali ndi mphindi 200 zoti agawire osewera 12, ndipo mphindi iliyonse yomwe wapatsa wina wamana mnzake. Amasankhanso nthawi yoimitsa masewero kuti alangize anyamata ake, komanso nthawi yotulutsa wosewera amene walakwa kambiri, popeza wolakwa kasanu sabwereranso m'bwalo. Zonsezi zimachitika anthu akuona, ndipo aliyense amatha kuloza mphindi yomwe akuganiza kuti zinthu zinasokonekera.

Chachitatu, m'zaka zimenezi m'ndime zotsiriza za BAL matimu ankakumana kamodzi kokha, wogonja watuluka. Ntchito ya miyezi yambiri inkaweruzidwa ndi usiku umodzi.

Nkhani ya mphunzitsi José Neto wa ku Brazil ikusonyeza bwino zimenezi. Iye anayamba ntchito ku Petro mu 2020 ndipo anatenga ligi ya Angola katatu motsatizana, mu 2021, 2022 ndi 2023. Mu 2022 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana mu BAL, koma m'chaka chomwecho timu yake inagonja ndi mapointi 83 kwa 72 pamaso pa US Monastir ya ku Tunisia m'ndime yotsiriza mumzinda wa Kigali. Mu 2023 Petro inapambana masewero onse asanu a m'gulu lake, koma inatulutsidwa ndi AS Douanes ya ku Senegal m'ndime ya matimu anayi. M'mwezi wa Malichi 2024, timuyi itapambana kawiri ndi kugonja kawiri m'masewero a m'gulu ku Pretoria, Neto anasiyana ndi kalabuyo, ndipo m'malo mwake munalowa Sergio Valdeolmillos wa ku Spain.

Pasanathe miyezi itatu, pa 1 Juni 2024, Petro inagonjetsa Al Ahly Ly ya ku Libya ndi mapointi 107 kwa 94 ndi kutenga chikho cha BAL. Inali timu yoyamba ya kumwera kwa chipululu cha Sahara kuchita zimenezi. Amene amakhulupirira kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa anapeza umboni wawo: mphunzitsi watsopano anachita m'masabata ochepa zomwe mnzake analephera m'zaka zitatu. Koma a mbali ina ali nayonso mfundo yolimba. Msana wa timuyo unali osewera omwe Neto anakhala nawo zaka zambiri. Kuwonjezera apo, m'ndime ya matimu asanu ndi atatu Petro inapulumuka pamaso pa AS Douanes ndi pointi imodzi yokha, 66 kwa 65. Mpira umodzi ukanaphonya, chiganizo chosintha mphunzitsi chikanaweruzidwa mwanjira ina. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 2025, Petro inagonja ndi mapointi 88 kwa 67 pamaso pa Al Ahli Tripoli m'ndime yotsiriza ku Pretoria.

Mtsutso wina ndi wokhudza osewera akunja. Malamulo a BAL amaika malire pa chiwerengero cha osewera ochokera m'maiko ena, choncho aliyense wogulidwa amayenera kubweretsa chimene eni dziko alibe. Akalephera, amadzudzulidwa kuti adya ndalama ndi mphindi za ana a m'dzikomo. Akachita bwino, amaiwalika kuti ndi alendo. M'ndime yotsiriza ya 2024, Nick Faust wa ku America ndiye anaponya mapointi ambiri ku mbali ya Petro, okwana 24.

Palinso funso la akuluakulu ndi achinyamata. Carlos Morais, wobadwa mu 1985, amene anasankhidwa wosewera wopambana pa AfroBasket ya 2013, anali mtsogoleri wa osewera a Petro m'zaka zoyambirira za BAL. Kuchepetsa mphindi za munthu wotere kumaoneka ngati chipongwe kwa amene anamuona ali pachimake. Kumusiya m'bwalo kumatsekereza omwe akukula. Chitsanzo cha phindu la kudekha ndi Childe Dundão, wobadwa mu 1998, yemwe ndi wamtali mita imodzi ndi masentimita 67 okha m'masewero omwe utali ndi chuma. Petro inamupatsa udindo woyendetsa mpira, ndipo mu Ogasiti 2025, pamene Angola inagonjetsa Mali ndi mapointi 70 kwa 43 ndi kutenga AfroBasket kachi 12, iye ndiye anasankhidwa wosewera wopambana pa mpikisano wonse.

Maganizo a ochemerera sali opanda pake. Iwo ndi amene amadzaza mabwalo, ndipo atsogoleri a kalabu sangawanyalanyaze. Koma wochemerera amaweruza akudziwa kale zotsatira, pamene mphunzitsi amasankha asanazidziwe, ali ndi nkhani za kuvulala, kutopa ndi zokonzekera zomwe anthu ambiri saziona. Ndi chifukwa chake zaka zisanu zomwezo za Petro zingawerengedwe ngati ulemerero kapena ngati mwayi wotayika, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi manambala oti zionetse.