Khoti ikasowa woweruza, tifunse ndani?

Mlandu wa munda kapena wa chuma cha masiye ukamangoimitsidwa ku Petauke kapena ku Nyimba, mayi wamasiye n'kumatha ndalama paulendo, ambiri timaloza chala kalaliki kapena amfumu. Koma si iwo amene amalemba anchito. Mamajisitireti ndi oweruza a Local Court amasankhidwa ndi Judicial Service Commission. Ndalama zoyendetsera makhoti zimavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo Gawo 123 la Malamulo a Dziko, monga anakonzedwera mu 2016, likuti makhoti azipatsidwa ndalama zokwanira. Choncho anchito akachepa, funsani MP wanu popanda mantha, poti bajeti imadutsa m'manja mwake. Woweruza akapempha chiphuphu ndi nkhani ina: dandaulo limapita ku Judicial Complaints Commission, ku Lusaka.