Mcheni wa m'Zambezi: Kauzindikiridwe ndi Kagwiridwe Kake

Alangizi a zausodzi a ku Tete, Chipata ndi Nsanje akakumana, dzina lakuti mcheni limawasokoneza. Msodzi wa ku Mangochi akati mcheni, akunena nsomba ya mtundu wa Rhamphochromis, yomwe ndi mbale wake wa chambo. Wa ku Chigwa cha Shire kapena ku Cahora Bassa akunena nsomba ina kotheratu, Hydrocynus vittatus, imene Azungu amaitcha tigerfish. Mlangizi akalemba ziwirizi pamzere umodzi, lipoti lonse lasokonekera.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mcheni wa m'Zambezi uli ndi mizere yakuda yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo mchirawo ndi wamphanda, wofiirira. Mano ake ndi akuluakulu, olowana, ndipo amaoneka ngakhale kamwa litatsekedwa. Chizindikiro chosanama ndi kachipsepse kakang'ono kamnofu kamene kali pamsana, pafupi ndi mchira. Mcheni wa m'nyanja ya Malawi ulibe kachipsepseka; uli ndi chipsepse chimodzi chachitali chaminga.

Mathithi a pa Shire, kuyambira pa Kapichira, ndiwo amaletsa nsombayi kukwera kunyanja. Imakondanso madzi ofunda. N'chifukwa chake Amalawi okhala ku Tembisa kapena ku Benoni, m'dera la Ekurhuleni, saipeza m'madamu a kumeneko, kumene chisanu chimaluma; amayenera kutsikira ku damu la Jozini, pa mtsinje wa Pongola.

Nsombayi imasaka ndi maso, choncho kachitsulo konyezimira kooneka ngati sipuni kamainyenga bwino. Msodzi aponye m'malire mwa mkokomo wa madzi kapena pafupi ndi mitengo yomira, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, nakoke mofulumira kuti kachitsuloko kaoneke ngati kapenta wothawa. Kapentayu anaikidwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 kuchokera ku Tanganyika, kenaka anatsikira ku Cahora Bassa, ndipo mcheni umamudya kwambiri. Liwiro lake musalichepetse: mu 2014 akatswiri anafalitsa umboni wakuti pa damu la Schroda, ku Limpopo, mcheni umalumpha n'kugwira anamzeze akuuluka.

Ambiri amalephera pa zinthu ziwiri. Pakati pa chingwe ndi nyambo pafunika kawaya kotalika ngati chikhatho ndi theka, apo ayi mano adula chingwe nthawi yomweyo. Chachiwiri, m'kamwa mwake ndi mwafupa, motero mbedza ikhale yonoledwa. Nsomba ikangokodwa imalumpha ndi kupukusa mutu. Chingwe chikakhwefuka pang'ono pokha, mbedza yalavulidwa. Msodzi atsitse nsonga ya ndodo yake kumadzi, chingwe chikhale chokungika. Pochotsa mbedza agwiritse ntchito pulayala, zala ayi.

Mcheni umaswana m'nyengo ya dzinja, pamene umalowa m'malo osefukira kukaikira mazira. Ife tikuona kuti alangizi a mbali zonse za malire ayenera kupereka uphungu umodzi: nsomba zazikulu zogwidwa m'miyezi imeneyi zibwezedwe m'madzi, pakuti zambiri mwa izo ndi zazikazi.