Malire a malipiro a osewera mpira: amagwira ntchito bwanji?

Mu Moçambola, mphamvu ya timu imadalira kwambiri thumba la kampani yoithandiza. União Desportiva do Songo, yothandizidwa ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa, inatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022.

Ligi ya NFL ya ku America, ya mpira wonyamula m'manja, inaika lamulo lina mu 1994: matimu onse ali ndi malire ofanana a malipiro. Mu 2024 malirewo anali madola 255.4 miliyoni pa timu. Nthawi zambiri wosewera amene kontirakiti yake yatha angathe kupita kulikonse, koma timu imamulemba pokhapokha malirewo asanakwane.

Zili ngati mlimi wa kachewere ku Ntengo-Wambalame: akathera ndalama zonse pa feteleza, aganyu alibe chowalipira. Motero ngakhale timu yolemera singasese akatswiri onse.