Chitsime cha Masiku Ano Chili M'lamya

Amayi anzanga, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, ndi angati mwa inu amene munafunsidwapo ndi bambo a kunyumba kuti, "Kodi m'lamyamo mumakambirana chiyani chosatha?" Mukati muyankhe, manyazi amakugwirani, pakuti zimene mwakamba tsiku lonse ndi izi: wina wadandaula kuti abwana amukalipira, wina watumiza chithunzi cha mphaka wake atagona m'lichero, wina akulira mtengo wa tomato, ndipo wina wangofunsa ngati mvula yagwa kwanuko. Pozitchula motere zimaoneka ngati mankhusu okhaokha. Koma sabata ino tikufuna kukuuzani kuti tinkhani ting'onoting'ono timeneti ndito timasunga ubwenzi, ndipo mayi amene amatinyoza adzasowa womuuza pa tsiku limene adzakhale ndi nkhani yaikulu.

Macheza otere si achilendo pakati pathu. Amayi athu ankakumana pachitsime m'mamawa, pamtondo masana, ndi pamzere wa kuchigayo, ndipo zokamba zawo zinali zomwezi: nkhuku yaswa anapiye angati, mwana wa uje wayamba kukwawa, mbuzi za oyandikana nawo zalowanso m'dimba. Panalibe wopita kuchitsime ndi cholinga chokakamba zozama. Komabe mayi akabwera ali ndwii, osaseka monga mwa masiku onse, anzake ankadziwa kuti kunyumba sikuli bwino, ndipo pobwerera mmodzi ankatsalira naye m'mbuyo kuti amufunse. Ankazindikira kusintha kwake chifukwa ankamuona tsiku ndi tsiku.

Amene anali kutali ankadalira kalata. M'masiku amene amuna ambiri a ku Malawi ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Theba, maulendo amene anatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kalata inkatha masabata isanafike, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga ankapempha mwana wa sukulu kapena aphunzitsi kuti amuwerengere. Pepala linali lochepa, sitampa inali yogula, choncho m'kalata munkalowa zazikulu zokha monga maliro, matenda, msonkho ndi njala. Za mphaka zinalibe malo.

Lero amene tinkatunga nawo madzi anabalalika. Wina anakwatiwa ku Mzuzu, wina akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, wina akusamalira okalamba ku Manchester. Chimene chawasonkhanitsanso ndi lamya ya m'manja. WhatsApp, imene ambirife timachezerapo, anaiyambitsa ku America Jan Koum ndi Brian Acton m'chaka cha 2009, ndipo kampani ya Facebook inaigula mu 2014. Koma kwa ife amayi chaka chofunika kuchikumbukira ndi 2013, pamene anaikamo njira yotumizira uthenga wa mawu. Kuyambira pamenepo ngakhale agogo amene sanaponde m'kalasi amangodina, kulankhula ndi kutumiza, popanda kudalira wowalembera.

Ubwenzi Umadya Nthawi

Katswiri wina wa pa yunivesite ya Kansas ku America, Jeffrey Hall, anatulutsa kafukufuku mu 2018 wofuna kudziwa kutalika kwa nthawi imene ubwenzi umatenga kuti ukhwime. Anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhalira limodzi kuti wongodziwana naye asanduke mnzako wamba, maola 90 kuti akhale bwenzi, ndi maola oposa 200 kuti akhale bwenzi la pamtima. Tsono taganizani, amayi: maola 200 mungawadzaze ndi nkhani za maliro ndi maukwati zokha? Iyayi. Amadzazidwa ndi za ndiwo yopserera, za galu wakuba mazira, ndi za minibasi yofera panjira.

Nalo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2025 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amavutika ndi kusungulumwa, ndipo kusungulumwako kumaononga thanzi. Musaganize kuti vutoli ndi la mbeta ndi amasiye okha. Mayi angathe kukhala pabanja, nyumba yodzaza ndi ana, koma tsiku n'kutha popanda womufunsa kuti waswera bwanji. Kwa mayi wotere, uthenga wa mnzake wonena kuti "mwadzuka bwanji asisi" uli ngati madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala.

Za Kuntchito

Nkhani ya ntchito sisowa pa macheza amenewa. Namwino amene ali pa ntchito ya usiku amalemba kuti tulo tamugwira, ndipo mnzake wophika zitumbuwa, amene wadzuka tambala woyamba asanalire, amamuyankha kuti alimbe mtima kwatsala pang'ono kucha. Mphunzitsi amadandaula za kalasi lodzaza, wa geni ya kaunjika amasimba za belo limene latuluka ndi zong'ambika. Palibe angamuchotsere mnzake mtolowo, koma mtolo wosimbidwa umapepuka. Ndipo m'kudandaula momwemo ndi mmene mumatulukira nzeru: wina amadziwa kumene mafuta ophikira akutsika mtengo, wina wamva za malo a ntchito, wina amalongosola mmene banki m'khonde ya kwawo imayendera. Mutu umodzi susenza denga.

Komatu pano pafunika kusamala. Mawu a pachitsime ankauluka ndi mphepo, pamene mawu a m'lamya amakhala. Aliyense wa m'gulumo angathe kujambula zimene mwalemba ndi kuzitumiza kwina, ndipo mawa zili m'manja mwa abwana omwe munawatchula aja. Dandaulani za kutopa, koma dzina la munthu lisiyeni. Mapepala a muofesi, nkhope za odwala ndi za ana a sukulu musazijambule. Ntchito imene munaivutikira zaka zambiri isathe chifukwa cha uthenga umodzi wolembedwa mutapsa mtima.

Za Agalu ndi Amphaka

Ambiri a ife timaseka mnzathu wa ku Britain akatumiza chithunzi cha galu atagona pampando. Kwathu kuno galu ndi mlonda, mphaka ndi wogwira makoswe m'nkhokwe, ndipo onse amagona panja. Kumeneko malamulo ndi ena: kuyambira mu 2016 galu aliyense wa ku Britain amayenera kuikidwa pansi pa khungu kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kosunga nambala yodziwitsa mwini wake. Sekani ndithu, pakuti kuseka ndiko macheza, koma kumbukirani kuti mayi amene amabwerera m'nyumba yopanda anthu, m'dziko la eni lozizira, womulandira pakhomo ndi chiweto chomwecho. Mukamufunsa za mphaka wake, mwamufunsa za moyo wake.

Nkhani za ziweto zingathenso kupulumutsa moyo. Tiyerekeze kuti mnzanu walemba moseka kuti kagalu ka pakhomo kamuluma mwana pachala. Apa nthabwala ziyambe zaima. Matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kumakhala kosayembekezeka. Muuzeni mnzanuyo atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire naye mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mu 2015, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Mukamva kuti a katemera afika m'dera lanu, lengezani m'gulu. Chimodzimodzi mukaona chitopa chayamba kugwetsa nkhuku, chenjezani anzanu a midzi yoyandikana kuti abayitse zawo msanga.

Mwambo wa Pachitsime

Chitsime chilichonse chili ndi mwambo wake, ndipo cha m'lamya sichisiyana.

Choyamba, za kuchipinda si za m'gulu. Mukasemphana mawu ndi amuna anu, ankhoswe alipo, alangizi alipo, bwenzi limodzi lokhulupirika liliponso. Inu mudzakhululuka pofika Lamulungu, koma amayi 40 amene anawerenga dandaulo lanu sadzaiwala, ndipo adzawayang'ana bambowo ndi diso lina mpaka kalekale.

Chachiwiri, mijedo ndi chipongwe zili ndi mlandu. M'chaka cha 2016 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti, limene limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa lamya ndi kompyuta. Nkhani imene simungainene mwini wake ali pompo, musaitumize.

Chachitatu, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikuti aliyense wokupatsani moni pa Facebook ndi amene chithunzi chake chikuonetsa. Munthu amene simunaonanepo naye akayamba kupempha ndalama, kapena wina akalemba m'dzina la mnzanu kuti mumutumizire ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money mwamsangamsanga, yambani mwamuimbira mwini wakeyo kuti mumve mawu ake. Nambala yanu ya chinsinsi musampatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani ya lamya. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, a m'nyumba mwanu nawonso amafuna tinkhani tomweti. Nsima ikafika pamphasa kapena patebulo, lamya ikhale patali. Bambo amene wamva kuchokera kwa inu za mphaka wa m'lichero uja, n'kuseka nanu limodzi, sakhalanso ndi chifukwa chokayikira zimene zili m'lamyamo.

Yeso la Ubwenzi

Kuyambira mu 2022 gulu limodzi la pa WhatsApp lingathe kukhala ndi anthu 1,024, koma mtima wa munthu sunakule nawo. Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford amati munthu amatha kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150, ndipo a pamtima penipeni amakhala ngati asanu okha. Choncho musadzitame ndi kuchuluka kwa magulu. Dziwani asanu anuwo, ndipo muziwayang'anira monga amayi athu ankayang'anirana pachitsime.

Pa lamya nkhope siioneka, tsono chizindikiro chake ndi kukhala chete. Mnzanu amene m'mawa uliwonse amatumiza za nkhuku zake akatha masiku atatu osamveka, musangoti mwina bando yamuthera. Muimbireni payekha. Ngati ali pafupi, mangani chitenje mukamuone. Akadwala kamuphikireni phala, akaferedwa kakhaleni naye pasiwa, pakuti tizithunzi ta misozi ta m'lamya sititunga madzi kapena kusonkha moto pamaliro. Akuluakulu ankadzudzula chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera chokha. Chanu chisakhale chotero.

Tsono amayi, pitirizani kukamba za tomato, za abwana ndi za mphaka popanda manyazi. Koma sabata ino tsegulani lamya yanu, muone amene wakhala nthawi osalankhula, ndipo mumufunse kuti galu wake uja ali bwanji. Mwina yankho lake lidzayamba ndi galu n'kukathera pa zimene zakhala zikumusowetsa tulo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.