Kamera Yosadya Batire

M'chaka cha 1967 kampani ya Olympus ya ku Japan idatulutsa kamera yaing'ono yotchedwa Trip 35. Dzinalo lidali ndi tanthauzo lake: idali kamera ya munthu wapaulendo, ndipo 35 ndiwo muyeso wa filimu yake, ndiye kuti mamilimita 35. Kampaniyo idapitiriza kuipanga kufikira m'chaka cha 1984, ndipo pa zaka zimenezo makamera oposa 10 miliyoni adagulidwa m'maiko osiyanasiyana. Tsopano papita zaka zoposa 40 chipangire yomaliza, komabe ambiri mwa makamerawa akujambulabe, ena ali m'manja mwa adzukulu a anthu amene adawagula. Kodi chinsinsi chake n'chiyani?

Yankho loyamba ndi lakuti kamerayi njosachulukitsa gaga m'diwa. Diso lake, lomwe akatswiri amalitcha lenzi, ndi limodzi lokha, la mamilimita 40, ndipo ndi lomangiriridwa kuthupi la kamerayo. Silichotsedwa, silisinthidwa, ndiponso silikokera pafupi chinthu chimene chili kutali. Wojambula akafuna kuti nkhope ya munthu idzaze chithunzi, ayenera kusendera yekha ndi miyendo yake. Akafuna kuti banja lonse lilowemo, ayenera kubwerera m'mbuyo. Pa mkombero wa disolo pali tizizindikiro tinayi tosonyeza kutalika kwa chojambulidwacho: ka munthu mmodzi pa mita imodzi, ka anthu awiri pa mita ndi theka, ka gulu pa mamita atatu, ndi ka phiri pa zonse zakutali. Mwini wake amangopotoza mkomberowo, nasuzumira pa kazenera, nadina.

Yankho lachiwiri ndilo lodabwitsa kwa achinyamata ozolowera foni imene imathima madzulo alionse: kamerayi sidya batire. Mozungulira diso lake muli timagalasi totuphukatuphuka, ndipo kumbuyo kwake kuli mtengo wa zonse, kachitsulo kotchedwa selenium. Kuwala kukafika pa kachitsuloko kamatulutsa mphamvu pang'ono yamagetsi, imene imasuntha kasingano m'kati mwa kamera. Kasinganoko ndiko kamalamula kukula kwa chiboo cholowera kuwala, ndiponso kusankha pakati pa maliwiro awiri a kachitseko: gawo limodzi mwa magawo 40 a sekondi, kapena limodzi mwa magawo 200. Kuwala kukachepa kwambiri, kambendera kofiira kamatulukira pa kazenera ndipo batani limakana kudinika. Motero kamera imaletsa mwini wake kutaya filimu pachabe.

Pamene kamerayi idatchuka ku Britain m'zaka za m'ma 1970, wojambula wodziwika David Bailey ankaoneka m'zolengeza malonda ake pa wailesi yakanema. Uthenga wake udali wakuti chithunzi chabwino sichilira chipangizo cholemera. Amene akhala ndi kamera yotere zaka zambiri amafika pomvetsa zimenezi. Popeza diso lake silisintha, mwini wake amazolowera malire ake mpaka amadziwa chimene chidzalowe m'chithunzi asanaikweze n'komwe kumaso. Ndipo popeza mpukutu wa filimu umangopatsa zithunzi 24 kapena 36, amaphunzira kudikira nthawi yoyenera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu chitsulo nachonso chimakalamba, ndipo apa ndi pamene pagona udindo wa mwini wake. Mdani woyamba ndi kuwala komweko. Selenium ikakhala poyera zaka ndi zaka imafooka, ndipo ikafa, kamera imasiya kudziyesera yokha kuwala. Nchifukwa chake osunga bwino amaivindikira ndi kuiika m'thumba lake pamene sikugwira ntchito. Mdani wachiwiri ndi chinyezi. M'maiko otentha, makamaka m'nyengo yamvula, chuku chimamera m'kati mwa galasi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya galasilo. Kamera yoiwalidwa pansi pa sutikesi yazovala imaonongeka msanga kuposa imene imatulutsidwa kawirikawiri ndi kusungidwa pouma. Mdani wachitatu ndi ukalamba wa tinsalu tasiponji totchinga m'mphepete mwa chitseko cha filimu. Timeneti timanyenyeka ndi kunanda, kuwala n'kumalowa mobera, zithunzi n'kumatuluka ndi mikwingwirima yofiira. Mwayi wake ngwakuti munthu wodekha angathe kupala takaleto ndi kumata tatsopano.

Palinso vuto limene mwini kamera sangalithetse ndi manja ake. Makamera a digito atafala, malo otsukira filimu ambiri adatsekedwa. Kampani ya Kodak ya ku America idaleka kupanga filimu yake yotchuka ya Kodachrome m'chaka cha 2009, ndipo mu 2012 idapempha chitetezo cha bwalo lamilandu chifukwa cha ngongole. Olympus nayo, imene idayamba mu 1919 ndi kupanga kamera yake yoyamba mu 1936, idalengeza mu 2020 kuti ikugulitsa nthambi yake yamakamera. Filimu ikupangidwabe, monga ya Kodak ndi ya Ilford ya ku England, koma njokwera mtengo ndipo sipezeka m'sitolo iliyonse monga kale. Zitsulo zokonzera Trip 35 kawirikawiri zimachokera ku inzake imene idafa.

Apa pali phunziro kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza sukulu ndipo akuganiza zogula chipangizo choyamba cha ntchito yake, kaya ndi makina osokera, kaya njinga, kaya kamera. Asafunse kokha kuti chili ndi zokometsera zingati. Afunsenso kuti chimadya chiyani, chimafa ndi chiyani, ndipo chikadwala angachikonze ndani. Anthu amene adagula Trip 35 navindikira diso lake tsiku lililonse adasiyira ana awo kamera yamoyo pamodzi ndi zithunzi zake.