Ndalama zapita, nanga galimoto ndi ya yani?

Mu February 2022 banki yaikulu ya Reserve inatulutsa ndalama yapepala ya K5,000. Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto ya K20 miliyoni, mtengo umene masiku ano sudabwitsa munthu pamsika wa magalimoto ochokera ku Japan, ndi mapepala 4,000. Mukawamanga m'mitolo ya mapepala 100, ikukwana mitolo 40. Zimenezi sizilowa m'thumba la buluku. Pamafunika chikwama, pamafunika mlamu wamphamvu woperekeza, ndiponso nthawi yokhala pansi kuti wogulitsa awerenge mtolo ndi mtolo.

Komabe alipo ambiri amene amalipira chomwechi. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, alimi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji amakatapa ndalama kubanki n'kulunjika kumene kwaimikidwa ma Probox, ma Sienta ndi tima lole ting'onoting'ono. Ali ndi chifukwa chawo. Wogulitsa akaona ndalama ndi maso amafewa, ndipo mtengo umene amaukakamira m'mawa umatsika. Funso lakuti "za m'manja zilipo?" limamveka kawirikawiri m'malo amenewa, ndipo woyankha kuti zilipo amapatsidwa mpando.

Vuto la ndalama za m'manja si akuba a m'njira okha. Vuto lalikulu n'lakuti zikachoka m'manja mwanu sizisiya phazi. Mawa mukapeza kuti galimoto ili ndi mlandu, kapena munthu amene anakulandirani sanali mwini wake koma dobadoba, umboni wanu ndi kapepala kolembedwa pamanja ndi mawu a mlamu uja. Ngati palibe kuchitira mwina, ndi bwino kupita limodzi ndi wogulitsayo kubanki yake n'kukaika ndalamazo mu akaunti yake. Kalaliki wa kubanki amawerenga ndi makina, amakana pepala lachinyengo pomwepo, ndipo inu mumatuluka ndi kapepala kadinda kosonyeza dzina la wolandira, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama.

Ogulitsa magalimoto m'dziko muno si amtundu umodzi, ndipo kalipiridwe kamatsata komwe mwalowa. Kuli makampani okhazikika amene amagulitsa magalimoto atsopano. Kumakampani otere mumapatsidwa chikalata cha mtengo chokhala ndi nambala ya akaunti ya kampani, mumalipira kudzera kubanki, ndipo lisiti imatuluka yosonyeza msonkho wa VAT. Ogula ambiri kumeneko ndi boma, mabungwe ndi makampani anzawo. Munthu wamba amathera kumipanda ya m'mbali mwa misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kumene galimoto imodzi imatha kukhala ndi anthu atatu oyiyankhulira, aliyense akunena kuti ndi yake. Kumeneko n'kumene njira yolipirira imasanduka nkhani.

Kusamutsa ndalama kuchokera ku akaunti yanu kupita ku ya wogulitsa ndi njira imene ndimaiona yabwino koposa kwa wogula. Mabanki athu amatumizirana ndalama kudzera mu dongosolo la MITASS limene banki ya Reserve imayendetsa, ndipo ndalama zambiri zimatha kuchoka kubanki ina n'kufika kwina tsiku lomwelo. Koma dongosololi limatsata nthawi ya ntchito. Wotumiza Lachisanu madzulo akhoza kugona mpaka Lolemba alibe ndalama, alibenso galimoto. Njira za pafoni monga Mo626 zili ndi malire a ndalama zimene mungatumize pa tsiku, choncho ndalama ya galimoto nthawi zambiri imafuna kuti mukasaine fomu m'banki momwemo. Airtel Money ndi TNM Mpamba nazo zili ndi malire ake. Zimathandiza kugwirira galimoto kuti asagulitse kwa wina, osati kulipirira yonse.

Potumizapo yang'anani dzina. Chikwangwani chili ndi dzina la kampani, chikalata chili ndi dzina la kampani, koma mnyamata wokuthandizani akuti akaunti ya kampani ili ndi vuto, tumizani ku yake. Pamenepo imani kaye. Ndalama yolowa mu akaunti ya munthu, kampani ikhoza kuikana kuti siinailandire, ndipo pamapepala idzakhala ikunena zoona.

Ogulitsa nawo ali ndi mabala awo, tisawaone ngati ochenjera okhaokha. Zithunzi zabodza zosonyeza kuti ndalama zatumizidwa zawapweteka ambiri, n'chifukwa chake wogulitsa wozindikira sapereka makiyi chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp. Amadikira kuti banki yake imuuze kuti zalowa. Cheke amachiopa pa chifukwa chomwecho. Chimatenga masiku kuti chitsimikizike, chikhozanso kubwezedwa, ndipo amene amachilandirabe amasunga galimoto mpaka ndalama zioneke.

Nkhani imakula galimoto ikakhala kuti sinafike. Ambiri amagula chithunzi cha pafoni: galimoto ili ku Japan, pa tsamba la makampani monga Be Forward kapena SBT, ndipo wogulitsa wa kuno akulonjeza kuitanitsa. Imakwera sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, dalaivala n'kuiyendetsa kudutsa Tanzania mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga. Ndalama yake silipiridwa kamodzi. Pali mtengo wa galimoto ndi wa sitima, umene uli m'madola. Pali za padoko, za dalaivala ndi mafuta. Pali msonkho wa MRA, umene umatsata zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Kenako kulembetsa, nambala, COF ndi inshuwalansi. Munthu akakuuzani mtengo, mufunseni kuti ukuthera pati: padoko, pa Songwe, kapena pakhomo panu galimoto ili ndi nambala ya Malawi.

Pakati pa kulipira ndi kulandira pamadutsa masabata ambiri, ndipo kwacha sidikira munthu. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto ya madola 5,000 imene dzulo lake inali K5.9 miliyoni inadzuka ili K8.5 miliyoni, msonkho usanawerengedwe, ndipo msonkhowo nawo umakwera pamodzi ndi dola. Amene anali atapereka theka la ndalama kwa woitanitsa anakumana ndi funso limene sanalilembe paliponse: kusiyanaku alipira ndani? Wogulitsa amati dola yakwera, onjezerani. Wogula amati tinagwirizana kale. Onse awiri amanena zomveka, ndipo wopambana amakhala amene wagwira galimoto.

Kusowa kwa ndalama zakunja kumawonjezera chisokonezo. Kutumiza madola kudzera kubanki kumafuna chikalata cha mtengo chochokera kwa wogulitsa wakunja, kenako kudikira pamzere. Woitanitsa ena amakagula madola kumsika wamdima, mtengo wa galimoto n'kuwerengedwa pa dola ya kumeneko, pamene banki ya Reserve yakhala ikukumbutsa kuti malonda a m'dziko muno azitchulidwa ndi kulipiridwa m'makwacha. Wogula amene akupereka ndalama yoyambira ayenera kuonetsetsa kuti pangano lalembedwa m'makwacha, lili ndi nambala ya chasisi ya galimotoyo, tsiku loyembekezera kufika, ndi zimene zidzachitike ikapanda kufika. Afunsenso umboni wakuti ndalama zatumizidwadi ku Japan. Woitanitsa amene amatenga ndalama ya kasitomala wa lero n'kuombolera galimoto ya kasitomala wa mwezi watha sakonda funso limeneli.

Ngongole ya kubanki ili ndi ubwino umene anthu sauwerengera: banki imachita ukazitape m'malo mwanu. Mabanki monga National Bank ndi Standard Bank ali ndi ngongole zogulira magalimoto, ndipo ndalama sakupatsani m'manja. Amalipira wogulitsa mwachindunji ataona mapepala. Inu mumaperekako gawo loyambira, galimoto imakhala chikole, ndipo mumakakamizidwa kudula inshuwalansi yaikulu yoteteza galimoto yonse, osati yaing'ono ija yoteteza ena okha imene lamulo limafuna. Mtengo wa mtendere umenewu ndi chiwongoladzanja. Mu February 2024 banki ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaika chawo pamwamba. Tingoyerekeza ngongole ya K15 miliyoni pa 30 peresenti, yobweza zaka zitatu. Mwezi uliwonse ndi pafupifupi K637,000, ndipo pomaliza mwabweza pafupifupi K22.9 miliyoni. Pafupifupi K8 miliyoni yapita kubanki, galimoto ikukalamba m'maenje a misewu yathu. Kwa Sienta yonyamula anthu tsiku ndi tsiku masamuwa mwina angagwire. Kwa galimoto yopitira kutchalitchi ndi kumaliro kumudzi, ine sindikuona.

Ogulitsa ena amalola kulipira pang'onopang'ono kwa iwo eni. Mumapereka gawo lalikulu, mumatenga galimoto, iwo amasunga blue book ndi kiyi wachiwiri. Zimaoneka zachibale, koma mpaka mutamaliza galimotoyo si yanu, ndipo mukaphonya mwezi akhoza kudzaitenga. Funsani zisanachitike kuti zikatero ndalama munaperekazo zidzatani. Ena amalandiranso galimoto yanu yakale n'kukuuzani zowonjezera. Pamenepo mitengo iwiriyo ilembedwe payokhapayokha, chifukwa kuchotsera kumene akupatsani pa yatsopano amatha kukubwezera pochepetsa mtengo wa yakale.

Njira zonsezi zimakathera pa pepala limodzi. Mwini galimoto pamaso pa boma ndi amene dzina lake lili mu blue book ndi m'makompyuta a nthambi ya Road Traffic, osati amene wagwira makiyi. Kuyambira 2015 dongosolo la MalTIS limagwiritsa ntchito zidindo za zala, choncho kusintha umwini kumafuna kuti mwini wolembedwayo apezeke. Apa m'pamene ambiri amagwa. Galimoto yadutsa m'manja atatu osasintha dzina, mwini woyamba ali ku Johannesburg kapena anamwalira, ndipo inu mwatsala ndi galimoto imene simungaigulitse bwinobwino kapena kuikita chikole. Palinso magalimoto amene mwini wake anatengera ngongole kwina. Lamulo la 2013 la Personal Property Security linakhazikitsa kaundula wa katundu woikidwa chikole, ndipo munthu akhoza kufufuzamo asanalipire. Kupolisi nako amaona ngati nambala za injini ndi chasisi zikugwirizana ndi mapepala, ndiponso ngati galimotoyo siinabedwe.

N'chifukwa chake ogula ozolowera salipira zonse pakamodzi. Amapereka kagawo kogwirira galimoto, makaniko wawo n'kuiona, mapepala a MRA n'kuonedwa. Gawo lalikulu amalitumiza kubanki tsiku lopita ku Road Traffic, wogulitsa ali nawo limodzi, ndipo kotsalako amamaliza dzina litasintha. Wogulitsa wolongosoka amang'ung'udza za nthawi yake, koma amapita. Zikavuta ndi kampani yolembetsedwa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo kumeneko adzafuna kuona pangano, lisiti ndi umboni wa kubanki.